Dzina Lake M'buku la Malipiro

Loweruka lija

Linali tsiku la malipiro pa shedi ina yogula ndi kusankha nshawa, kufupi ndi msika wa Kapata ku Chipata. Dzuwa litapendeka, azimayi osankha anakutumula zitenje, nasamba m'manja, n'kuima pamzere pakhomo la kaofesi. Mwini shedi akaitana dzina, munthu ankalowa, kusaina m'buku kapena kudinda chala, n'kutuluka akumanga ndalama kunsonga ya chitenje. Kumapeto kwa mzerewo kunaima mnyamata wa zaka 22, wobadwa ndi Down syndrome, ulumali umene umachedwetsa kaphunziridwe ka munthu. Masabata awiri oyamba ankaweruka masana chifukwa anali akuphunzira ntchito, choncho aka kanali koyamba kuti akhalepo mpaka nthawi ya malipiro. Naye anasamba m'manja. Naye anavula chipewa.

Dzina lake silinatchulidwe. Mzere utatha, mwini shedi anatuluka ndi ndalama zopinda n'kupita kwa amayi a mnyamatayo, amene anabwera kudzamutenga. "Amai, nazi za mwana. Wagwira bwino, sindinganame." Amayi anapinda maondo, kuomba m'manja, ndalama n'kulowa m'chikwama. "Zikomo atate. Tiye mwanangu." Mnyamata anayang'ana buku likutsekedwa, anavala chipewa chake, n'kutsatira amayi ake osanena kanthu.

Ife amene tinamupezera ntchitoyo tinalipo, ndipo tinachoka okondwa. Palibe anabedwa. Ndalama zinali ndendende za matini amene anasankha. Lolemba m'mawa anakana kuvala nsapato.

Masiku anayi pakhonde

Anakhala pakhonde kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi, atafulatira msewu. Akamutchulira za ku shedi ankangoti duu. Pakhomo aliyense anali ndi yankho lake. Amalume ankati ndi ulesi, anansi ankati mutu wayambanso, ena ankanong'ona kuti pali wina wamuchitira kaduka. Mwini shedi anatumiza uthenga wakuti sangasunge malo kupitirira sabata.

Munthu wa mawu ochepa akakana mwadzidzidzi chinthu chimene amachikonda, kukanako ndiye kulankhula kwake, ndipo pali njira yofufuzira. Mumayambira pa thupi. Dzino, khutu, kudzimbidwa, chilonda cha nsapato, malungo oyamba kumene: ambiri satha kuloza pamene pakuwawa, amangosiya kudya kapena kuyenda. Kwa a Down syndrome onjezanipo makutu osamva bwino, maso, ndi chithokomiro, chimene chikafooka munthu amakhala wotopa ndi wozizidwa nthawi zonse, anthu n'kumati ndi waulesi. Izi amapima ku chipatala, si zongoganizira pakhomo. Kenaka mumafufuza za anthu. Pali amene wamumenya, kumutukwana, kumuseka, kapena kumugwira mosayenera, ku ntchito kapena panjira? Funso ili musalidumphe chifukwa cha manyazi, makamaka kwa atsikana. Afunsidwe payekha ndi munthu amene amamukhulupirira, ndipo mafunso ake asakhale omuikira yankho m'kamwa, chifukwa ambiri amavomera chilichonse pofuna kukondweretsa wofunsayo. Pomaliza mumayang'ana zimene zasintha: malo okhala, munthu woyandikana naye, njira, nthawi, phokoso latsopano.

Zonse zitatu tinaziyenda osapeza kanthu. Amene anapeza ndi ambuya ake. Lachinayi madzulo anamuona atatenga kope la mdzukulu wina wa giredi 4, akupaka chala chachikulu mwaye wa kunsi kwa poto, n'kumadinda pamzere uliwonse kutsika nalo tsamba lonse. "Amuna anga, mukulemba chiyani pamenepo?" Iye anayamba kutchula maina a azimayi a ku shedi mmodzimmodzi, chala chikutsika. Atafika pamzere womaliza anapukusa mutu. "Ine ayi."

Chimene ife tinachiona ngati kanthu kakang'ono, iye anachiwerenga molondola. Pa shedipo wantchito ndi amene amaitanidwa dzina. Wosaitanidwa ndi mwana woperekeza akuluakulu. Masabata atatu akudzuka m'mamawa, fumbi la nshawa m'mphuno, msana kuwawa, Loweruka n'kumuonetsa pamaso pa onse kuti ankangosewera.

Amayi aja sindiwaimba mlandu, ndipo wina asawaimbe. Amulera zaka 22, achibale ambiri atawafulatira, ndipo ndalamazo zinagula ufa umene iye yemwe anadya. Anaonapo kale anyamata akumulanda ndalama panjira. Mwini shedi nayenso ankayesa akuteteza mwana. Cholakwa chinali m'makonzedwe. Za kasankhidwe zinakonzedwa, za ulendo zinakonzedwa, za chakudya cha masana zinakonzedwa, koma za Loweruka palibe anazitchula.

Timayambira kumapeto kwa sabata

Kuchokera pamenepo, tikamapezera munthu ntchito, nkhani yoyamba kukambirana ndi tsiku la malipiro. Amakhalapo atatu: wantchito mwini wake, wapabanja mmodzi, ndi wolemba ntchito. Wantchito apatsidwe mpando ngati ena, ndipo mafunso apite kwa iye. Akachedwa kuyankha, dikirani. Chizolowezi chofunsa amayi kuti "kodi amakonda chiyani" mwini wake ali pomwepo chimayambira pa mkumano woterewu, ndipo chikazika mizu sichizuka.

Dzina lilembedwe m'buku lomwelo la anzake, osati pakapepala kapadera, ndipo lifanane ndi la pa NRC, chitupa cha boma chodziwitsa munthu. Apa ndi pamene timapeza kuti ambiri afika zaka 25 kapena 30 alibe NRC, chifukwa pakhomo palibe anaona kuti idzamuthandiza chiyani. Imatengedwa munthu akakwanitsa zaka 16, ndipo popanda iyo sangalembetse simu kadi m'dzina lake kapena kutsegula akaunti. Ikapezeka, chotsatira ndi kulembetsa ku Zambia Agency for Persons with Disabilities, imene anthu amangoti ZAPD, kuti akhale ndi kadi ya ulumali. Amafuna umboni wa achipatala, choncho ulendo wopima thupi uja muuphatikize ndi uwu, musayende kawiri.

Mtengo ukhale umodzi. Ngati azimayi amalandira mwakuti pa tini, nayenso mwakuti pa tini. Akasankha matini awiri pamene ena asankha anayi, alandire za awiri, koma tini yake isatsike mtengo chifukwa cha nkhope ya wosankhayo. Ntchito yolipira pa tini, pa saka kapena pa mzere imawayenera ambiri chifukwa wolemba ntchito saluza kanthu munthu akamachedwa. Kumene amalipira pa tsiku, gwirizanani maola ochepa pa mtengo womwewo wa ola. Malipiro a mbale ya nsima, malaya akale kapena nshawa zotaya akanidwe poyera tsiku loyamba, ndipo mowa usatchulidwe n'komwe. M'makomboni mwathu muno alipo ambiri amene amatunga madzi, kusenza makala ndi kukankha wilibala kuyambira m'mawa mpaka madzulo, malipiro ake chitumbuwa, anthu n'kumati "timamuthandiza". Uko ndi kumudyera masuku pamutu.

Wantchito akhale ndi njira yake yowerengera. Kwa wosadziwa manambala, zitsekerero za mabotolo zimakwanira. Tini ikadzaza n'kuthiridwa m'saka, woyang'anira amamupatsa chitsekerero chimodzi, iye n'kuponya m'kachitini kake. Loweruka amazikhuthula patebulo n'kuwerenga pamodzi ndi wolipira, chitsekerero chilichonse ndalama yake pambali. Akatero amaona ndi maso kuti ndalama yachokera ku matini, ndipo mkangano wa "anasankha angati" umatha usanayambe.

Malamulo ali kumbali yake. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2010. Ndime 27 ya panganolo imanena za malipiro ofanana pa ntchito yofanana, ndipo ndime 12 imati munthu waulumali ali ndi ufulu woyendetsa ndalama zake, mothandizidwa ngati pakufunika. Persons with Disabilities Act ya 2012 ndi Employment Code Act ya 2019 amaletsa tsankho pa ntchito chifukwa cha ulumali. Koma pa shedi ya nshawa simungapambane ndi kutchula ndime zokha. Wamalonda amamva saka losankhidwa bwino, ndiye ntchito yathu yaikulu ndi kuphunzitsa.

Dzanja limodzi pa lichero

Anthu amati kusankha nshawa ndi ntchito yosavuta chifukwa anaiphunzira ali ana osazindikira. Mukaigawa mupeza kuti muli zinthu zambiri: kutapa, kuyala, kuchotsa miyala ndi makoko, kupatula zosweka, zonyala, zobooledwa ndi tizilombo ndi za chuku, kuthira zabwino m'beseni, kudzaza tini mpaka pamlomo, kuthira m'saka. Mukamuuza zonsezi tsiku limodzi, pofika masana azikhala akungosakaniza, ndipo madzulo wina anena kuti sangathe.

Malo ake akhale amodzi tsiku lililonse. Lichero patsogolo, beseni la zabwino kudzanja limene amadyera, chitini cha zotaya kudzanja linalo, ndipo ziwiyazi zisiyane mtundu ndi kukula. Kutsogolo kwake ikani chidutswa cha katoni chomatapo zitsanzo zenizeni: mwala, khoko, nshawa yosweka, yonyala, yobooka, ya chuku. Zithunzi zojambula sizifika pa chitsanzo chimene angachikhudze ndi chala.

Masiku awiri oyamba achotse miyala ndi makoko basi, zotsalazo amalize mnzake. Akakhazikika onjezani zosweka, kenaka zonyala ndi zobooka. Za chuku zibwere pomaliza chifukwa ndi zimene zimafuna diso. Pa lichero ikani dzanja limodzi la nshawa, osati theka la tini. Mulu waukulu ulibe poyambira ndi pothera, munthu amagwa nawo mphwayi, pamene dzanja limodzi limatha msanga ndipo amaona kuti lichero layera.

Njira ina imene imathandiza kwambiri ndi kumuyambitsa kumapeto. Wophunzitsa asankhe pafupifupi tini yonse, iye amalize manja awiri omaliza, athire m'saka, alandire chitsekerero. Mawa amalize manja asanu. Mkuja theka la tini. Tsiku lililonse amakhala amene watsiriza ntchito, ndipo kukoma kotsiriza n'kumene kumamudzutsa m'mawa.

Thandizo lili ndi masitepe, ndipo muzitsika nawo mwadala: kugwira dzanja lake ndi lanu, kukhudza chigongono chokha, kuloza, kunena mawu amodzi, kukhala chete. Musanathandize werengani mumtima mpaka 10. Nthawi zambiri pofika 7 amakhala wachita yekha. Wophunzitsa akhale mmodzi, ndipo mawu ake asasinthe. Lero "taya", mawa "chotsa", mkuja "ika apo", kwa iye ndi malamulo atatu osiyana. Sabata yoyamba wophunzitsa akhale pambali pake, yachiwiri atalikire pang'ono, yachitatu abwere poyamba ndi pomaliza pokha, ndipo pofika pamenepo pakhale mnzake wa pa ntchito mmodzi amene wavomera kuti iye azimufunsa. Wothandiza amene sachoka amasanduka chikhomo. Wantchito amazolowera kumuyang'ana kumaso asanaponye nshawa iliyonse, ndipo anzake amalankhula ndi wothandizayo m'malo mwa iye.

Zimene zimaononga n'zodziwika. Choyamba ndi chifundo cha anzake: amayi wina akaona kuti watsalira amamutapira theka la lichero, ndipo pakatha mwezi sanaphunzire kanthu. China ndi kusintha kwa mbewu. Wophunzira kusankha pa mbewu ya Chalimbana, ya khungu lotuwira, akamubweretsera MGV4 yofiira akhoza kutaya tini yonse, chifukwa anaphunzitsidwa kuti yosintha mtundu ndi yoipa. Sanalakwe, watsata lamulo limene anapatsidwa. Mbewu iliyonse ikhale ndi katoni yake ya zitsanzo, ndipo tsiku losintha wophunzitsa abwerenso.

Za chuku ndiyenera kukhalitsapo, chifukwa apa pali moyo wa munthu. Chuku cha nshawa chimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amaononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuthetsa. Chimachuluka nshawa zikaumitsidwa mosakwanira, kapena anthu akawaza madzi pa makoko kuti asavute kusenda. Wosankha aliyense amaponya zina m'kamwa, koma amene sadziwa kusiyanitsa amadya za m'chitini cha zotaya, kapena amapatsidwa zomwezo kuti apite nazo kunyumba. Lamulo likhale lalifupi ndi losasintha: za m'chitini sitidya. Chitinicho chikhuthulidwe iye asanaweruke, ndipo abwere atadya kapena atanyamula kamba.

Si onse a nshawa

Kusankha ntchito kumayambira pa munthu. Wa khunyu, limene limapezeka kawirikawiri pamodzi ndi ulumali wa ubongo, asaikidwe pa chigayo, pamoto, pachitsime chotsegula, kapena pokwera. Wolemba ntchito ndi anzake adziwe chochita akagwa: kuchotsa zinthu zomuvulaza, kuika chofewa kunsi kwa mutu, kumugoneka chammbali kugwedezeka kukatha, osaika supuni kapena chala m'kamwa, ndipo kukapitirira mphindi 5 kuthamangira naye ku chipatala. Auzidwenso momveka kuti khunyu silipatsirana, ngakhale kudzera m'malovu, chifukwa mantha amenewo ndi amene amachotsa anthu ntchito. Tsiku lokatenga mankhwala lilembedwe m'pangano, asamajombe mobisa kapena kudumpha mankhwala poopa kujomba.

Ambiri a autism, ulumali wokhudza kalankhulidwe ndi kachezedwe ndi anthu, phokoso la msika, mawailesi ndi mahutala limawapweteka ngati mmene utsi umapwetekera maso. Amachita bwino pa malo abata, pa ntchito ya ndondomeko yosasintha: kudzaza dothi m'machubu pa nazale ya mitengo, kuthirira dimba, kudyetsa nkhuku, kulongedza mazira. Thireyi ya mazira ili ndi mabowo 30, imadziwerengera yokha, ndipo ntchito yotere ndi imene timaifunafuna. Wa Down syndrome asasenze masaka pamutu, chifukwa ena mwa iwo mafupa apamwamba a khosi ndi olobodoka, ndipo ambiri anabadwa ndi vuto la mtima limene liyenera kupimidwa asanayambe ntchito yolemetsa. Wa cerebral palsy, ulumali wokhudza kayendetsedwe ka ziwalo, kawirikawiri nzeru zake ndi zakuthwa, chovuta ndi manja, miyendo kapena lilime. Ameneyo mpatseni mpando wabwino ndi sikelo kapena buku.

Anthu ambiri akamva za mwana wolumala kuno amati "mupite naye ku Magwero". Masukulu a ku Magwero ndi a osaona ndi a osamva, ndipo athandiza mibadwo yambiri pa ntchito yawoyo. Wa ulumali wa ubongo akakula, malo ake ophunzirira ntchito nthawi zambiri ndi pa ntchito pomwepo, pafupi ndi kwawo, chifukwa chimene waphunzira m'kalasi sichisamukira chokha ku shedi.

Ulendo nawo ndi phunziro. Njira ikhale imodzi, ndipo iyendedwe naye kambirimbiri: poyamba pambali pake, kenaka kumbuyo kwake, kenaka mukumudikira pa malo owolokera okha. Great East Road, ndi mathiraki ochokera ku malire a Mwami, awoloke pa malo amodzi osankhidwa. Ngati ndi wa njinga yonyamula anthu, akhale woyendetsa mmodzi wodziwika pabanja, wolipidwa pa sabata. Kumbukiraninso kuti nshawa zili ndi nyengo. Zikayamba kuchepa, ntchito yotsatira ikhale itapezeka kale, chifukwa miyezi itatu ya pakhonde imafufuta zambiri zimene munamanga.

Zitini zitatu

Mantha a amayi aja anali oona, ndiye kungoika ndalama m'manja mwake n'kuchoka sikukwanira. Chimene chimagwira ntchito ndi zitini zitatu kunyumba, chilichonse ndi chizindikiro chake: cha pakhomo, chosunga, ndi chake. Gawo la chilichonse ligwirizanidwe pa mkumano woyamba uja, iye alipo. Loweruka amalandira yekha, amafika nazo kunyumba moperekezedwa, ndipo amagawa ndi dzanja lake. Ya pakhomo amapereka yekha kwa amayi. Ufa umagulidwa womwewo, koma tsopano wagula ndi iye.

Wolipira apemphedwe kupereka ndalama zing'onozing'ono, za K10 ndi K20, kuti zigawike. Ambiri amazindikira ndalama ndi mtundu ndi chithunzi, osati nambala. Pamene Bank of Zambia inatulutsa ndalama zatsopano mu 2025, kubwera kwa K200 ndi K500 ndiponso K2 ndi K5 zachitsulo, phunziro lonse linayenera kuyambiranso. Phunzitsani ndi ndalama zenizeni, ziwiri zokha pa nthawi, ndipo muzimangirize ku zinthu zimene amagula: iyi ndi ya sopo, iyi ndi ya kuonera mpira. Za chenji zimavuta kwambiri, choncho poyamba azinyamula ndalama yokwanira ndendende, ndipo azigula pa kantemba kamodzi kamene mwini wake mwalankhula naye.

Ndalama za pa foni zili ndi msampha wake. Wosadziwa kuwerenga amapereka foni kwa wa pa buthu n'kutchula PIN mokweza anthu ali pamzere. Ngati akaunti ikufunika, muzikhala zochepa, ndipo mauthenga ake aziwaona munthu mmodzi wodalirika pamodzi ndi iye sabata iliyonse. Yang'aniraninso abwenzi amene amaonekera Loweruka lokha. Kumuphunzitsa kunena kuti "ndilibe ya ngongole" n'kupitiriza kuyenda kumafuna kuyeserera kunyumba kangapo, ngati sewero. Chitini chosunga chikakula, akhoza kulowa chilimba cha anzake a pa ntchito, bola pakhale buku ndi mboni tsiku lake lolandira.

Mabanja ambiri amasakaniza malipiro ndi Social Cash Transfer. Ya Social Cash Transfer ndi ya banja lonse, imadutsa ku unduna wa Community Development and Social Services ndi makomiti a m'madera otchedwa CWAC, ndipo banja lokhala ndi munthu wa ulumali waukulu limalandira yochulukirapo. Malipiro ndi a amene wagwira ntchito. Ena amabisa mwana kunyumba poopa kuti akaoneka akugwira ntchito adzachotsedwa pa mndandanda. Nkhawa yotere ipite ku ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu ntchito isanayambe, isathere pa mphekesera za pachitsime. Ku CDF, ndalama ya boma ya chitukuko cha m'makonsitityuwensi, imene inakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwensi mu 2022, kuli thandizo la maphunziro a luso ndi la magulu, lodzera ku Ward Development Committee. Gulu likamalemba dzina la munthu waulumali pa fomu, abale afunse kuti ntchito yake m'gululo ndi iti ndipo gawo lake ndi lotani. Maina ena amalembedwa kuti fomu ioneke bwino, nkhuku zikabwera mwini dzina osaitanidwa.

Chitini chachitatu

Ichi ndi chimene abale amafuna kuchichepetsa, ndipo ine ndimachiteteza kwambiri. Ndi chimene amalipira nacho polowa kukaonera mpira pa TV, kugulira mnzake chitumbuwa, kuponya m'mbale ya chopereka. Munthu wa zaka 22 amene sanaguliepo mnzake kanthu amakhala wolandira moyo wake wonse, ndipo ubwenzi wa mbali imodzi sukhalitsa.

Zosangalatsa zikhale za msinkhu wake. Wandevu asakhazikidwe ndi ana a Sande sukulu chifukwa chakuti sadziwa kuwerenga. Kwaya ya achinyamata, ng'oma, nsolo pansi pa mtengo, timu ya m'komboni, ndiwo malo ake. M'kwaya nyimbo amazigwira ndi khutu, chofunika ndi munthu mmodzi womutenga popita ku pulakatisi ndi yunifomu yofanana ndi ya anzake.

Pa mpira pali njira imene a Special Olympics, bungwe limene linayamba mu 1968 ndipo kuno ku Zambia liliponso, amaitcha Unified Sports: aulumali wa ubongo ndi opanda ulumali m'timu imodzi. Simufunika kudikira bungwe kuti muyambe. Theka la bwalo la sukulu, osewera asanu kapena asanu ndi awiri mbali iliyonse, zigawo ziwiri za mphindi 15, malaya a mitundu iwiri yosiyana kwambiri, zigoli zoikidwa chizindikiro chooneka, ndi chigubu cha madzi. Chimene chimaononga ndi anyamata aluso amene amangopatsirana okhaokha, kapena amene amasiya dala kuti mnzawo agoletse. Zonse ziwiri iye amazizindikira. Sankhani anzawo a luso lofananirako, ndipo wophunzitsa asaope kutulutsa wodzikonda. Wa Down syndrome amene amadandaula khosi, kupendeketsa mutu, kapena wayamba kuyenda mosintha, asiye kusewera mpaka atapimidwa.

Tsiku likhale lomwelo, nthawi yomweyo, malo omwewo, sabata ndi sabata. Zikondwerero za pa 21 March, tsiku la Down syndrome, pa 2 April la autism, ndi pa 3 December la anthu aulumali zili ndi ntchito yake, koma tisheti ya kamodzi pa chaka siipatsa munthu mnzake. Popita pa chigulu, kaya ku David Kaunda Stadium kapena ku Nc'wala ku Mtenguleni, m'thumba mwake mukhale kakhadi ka dzina ndi nambala ya foni ya wapabanja, musankhiretu malo okumanira mukasochererana, ndipo wosapirira phokoso akhale kumphepete kumene angachoke mosavuta.

Mzere wachisanu ndi chiwiri

Lachisanu la sabata lija ambuya ananyamula kope lodindidwa mwaye, iwo ndi amayi n'kupita nalo ku shedi. Mwini shedi analiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatsegula buku lake, natenga rula, najambula mzere kunsi kwa maina asanu ndi limodzi a azimayi, n'kufunsa kalembedwe ka dzina lonse, la iye ndi la bambo ake. Madzulo amayi anamufotokozera mnyamatayo, koma anakana kukhulupirira mpaka mchemwali wake atamuonetsa chithunzi cha tsambalo pa foni.

Lolemba anavala nsapato. Loweruka anaimanso kumapeto kwa mzere, kachitini ka zitsekerero m'manja. Dzina litaitanidwa analowa, nazikhuthula patebulo, nawerenga ndi wolipira mpaka 11. Anadinda chala, inki n'kufalikira mpaka pamzere wa pamwamba. Amayi anali kudikira kunja, pansi pa mtengo wa mango, ndipo sanalowe.